Kavalo Woikizidwa ku Chiuta

Akavalo amene ndinawadziwa paubwana anali a pazithunzi zokha, zija ansembe a kumishoni ankapachika m'kalasi, ndipo ndinkayesa kuti ndi nyama za kutali zimene sizingapume mpweya wa kuno. Wamoyo ndinadzamuona nditayamba kale uphunzitsi. Pakati pa Balaka ndi Ulongwe pali esiteti ina ya ng'ombe imene eni ake ankasungapo akavalo owerengeka, oti abusa azikwera pofunafuna ng'ombe zosochera m'tchire. Owasamalira anali bambo wina, anzanga a paubwana, Myao ndiponso Msilamu, amene tinasiyana nawo njira pamene ine ndinapita kusukulu ya mishoni, iwo napita kukasesa makola. Ukalamba unatibwezanso pamodzi, nyumba zathu zitayang'anizana, pakati pali munda wa nandolo basi.

Anzangawo atapuma pantchito, eni esiteti anawafunsa chimene akufuna kuti chikhale chowatsanzikira. Tonse tinkayembekeza kuti atchula malata kapena ng'ombe yaikazi. Iwo anatchula kavalo wamkazi wofiirira, wa banga loyera pamphumi, amene anamulandira ndi manja awo tsiku limene anabadwa. Mudzi unaseka mpaka kugwira nthiti. Nyama yosakamidwa, yosalima, yoti ngakhale itafa palibe angaiike mumphika, munthu n'kuisankha ng'ombe zili pomwepo? Koma akazi awo anali atamwalira, ana ali ku Joni ndi ku Lilongwe, ndipo kavaloyo ndiye ankawadzutsa m'mawa ndi kuwapatsa chifukwa chotulukira panja. Anamumangira khola la njerwa zootcha pamene nyumba yawo inali ya zidina.

Masana ankabwera naye kwathu, n'kumumanga pamtengo wa mango, ife n'kuyala bawo.

"Aphunzitsi," ankatero akufesa nkhomo, "mwana wanga uyu ndi waukhondo kuposa nkhumba zonse zimene munaweta chibadwire chanu."

"Mwana wanuyo adzakukumbirani manda ndi ziboda?"

"Bola ameneyo adzakhalapo. Anu ophunzira aja adzakuikani pa foni."

Mayi akunyumba kwanga nawo anali ndi phindu lawo pa ubwenziwo, pakuti ndowe za kavaloyo ankakazitola kukathira m'dimba lawo la mpiru.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa yosadziwa kuleka. Madambo anadzaza, misewu inasanduka phala, ndipo madzulo munthu sunkayasamula osameza kachilombo. Chakumapeto kwa dzinja a ku esiteti anaimbira anzangawo kuti afikeko msanga, akavalo ayamba kugwa. Ndinawaperekeza panjinga, osati chifukwa ndinali ndi nzeru yothandiza, koma chifukwa sindinafune kuti apite okha.

Ndaona imfa zambiri pa moyo wanga, za anthu ndi za ziweto, koma imene ndinaiona tsiku limenelo sindinaipezere dzina mpaka lero. Pabwalo la makola panali kavalo wamphongo wamkulu, wakuda, amene anzangawo anamuphunzitsa okha kunyamula munthu. Abusa anatiuza kuti m'mawa womwewo anali atadya bwinobwino. Tinamupeza atatangadza miyendo, khosi atalitambasula, thukuta likutsika ngati wamuthira ndowa ya madzi, nthiti zikulowa ndi kutuluka ngati mvukuto wa osula makasu. Timaenje tija timakhala pamwamba pa maso a kavalo tinali titatupa n'kukhala ngati mazira. Anatsokomola kawiri kapena katatu, kenako m'mphuno munayamba kutuluka thovu, loyera mosakanikirana ndi chikasu, osati madontho ayi, koma lambiri ngati la sopo pamwala wochapira. Anagwada, nagwa cham'mbali, thovulo likutulukabe ngakhale mpweya unali utatha.

Mbusa wina anavula chipewa. Ine ndinazindikira kuti ndagwira dzanja la anzanga ngati mwana pamsika.

Tsiku lotsatira kunabwera adokotala a ziweto ochokera kuboma, mayi wachitsikana wa msinkhu wa adzukulu athu, woyankhula mosathamanga ndi mosazungulira. Anaitanitsa aliyense woweta bulu m'midzi yozungulira, pamodzi ndi anzangawo, amene anali okhawo osunga kavalo kunja kwa esiteti. Anatifotokozera kuti nthendayo ndi ya kachilombo kosaoneka ndi maso, kamene kamadzaza madzi m'mapapo mpaka nyama imamira ili pamtunda pouma. Anati sikafala pokhudzana kapena pomwera pamodzi, koma kudzera mwa tizilombo touluka, tating'ono kuposa udzudzu, timene timaswana m'matope a m'madambo ndipo timaluma dzuwa likamapendeka ndiponso likamatuluka. Abulu, anatero, kawirikawiri amakanyamula kachilomboko osagwa nako, ndipo tizilomboto tikaluma bulu wotere timakapatsira kavalo. Mankhwala ochiritsa kulibe. Katemera alipo, koma ayenera kuitanitsidwa kunja kwa dziko, ndipo atenga nthawi.

Kenako anatipatsa malamulo. Kavalo kapena bulu asachoke pamudzi pamene ali, ngakhale ulendo wa kuchigayo. Nyama zilowe m'khola dzuwa lisanafike pamitengo, zituluke mame atauma. Mazenera a khola atchingidwe ndi masikito onyikidwa m'mankhwala, ndipo pakhomo pazifuka utsi. Yakufa ikwiriridwe m'dzenje lakuya. Pomaliza anati akavalo amene afika potulutsa thovu adzawomberedwa, kuti asazunzike ndiponso kuti tizilombo tisapitirize kuyamwa magazi awo.

Ndinaona anzangawo akudzutsa mutu pa mawu omalizawa, koma sindinaganizepo kanthu.

Malamulo enawo anawatsata kuposa munthu aliyense. Anachotsa masikito pabedi pawo n'kuwapachika pakhola, ine ndinawapatsa athu akale, ndipo tinathera masana athunthu tikusoka ndi singano yosokera matumba, iwo akunditonza kuti sukulu yonse ija sinandiphunzitse kumanga mfundo. Madzulo aliwonse ankasonkha ndowe zouma za ng'ombe pakhomo pa kholalo, utsi n'kuphimba munda wa nandolo wonse. Kavaloyo analeka kubwera pansi pa mango, ndipo bawo tinkasewera tili awiri.

Tsiku lina m'mawa tinamva kulira kwa mfuti kuchokera ku esiteti, kamodzi, kenako kachiwiri. Anzangawo anali atagwira nkhomo m'manja, ndipo sanazifese.

"Ayamba," anatero.

"Ayamba ndi odwala, achimwene. Munamva nokha."

"Nkhumba zanu zija, chaka cha chigodola, anayamba ndi ziti?"

Zaka zingapo m'mbuyomo chigodola cha nkhumba chitalowa m'dera lathu, nkhumba za mudzi wonse zinaphedwa, zodwala ndi zamoyo zomwe, zanga zili m'gulu lomwelo. Iwo, ngakhale nkhumba saiyandikira, anabwera kudzandipepesa tsiku limenelo ndipo anaona dzenje limene zinaponyedwamo.

"Nthenda yake ndi ina," ndinatero. "Adokotala ananena."

"Nthenda ndi ina, koma mfuti ndi yomweyo."

Pano ndiyenera kunena za mwambo umene aliyense wa kwathu amaudziwa asanadziwe kuwerenga. Chitopa chikamveka pamudzi, mayi wanzeru sadikira kuti nkhuku zake ziyambe kuwodzera. Amasankha misoti yabwino, n'kuiika m'dengu, n'kukaisiya kwa mbale wake wa mudzi wakutali kufikira mliri utadutsa. Mbuzi timachita nazo chimodzimodzi, ng'ombe chimodzimodzi. Kumeneko ndiye kuikiza. Amene waikizidwa chiweto sakana, ndipo amachisamala kuposa chake, pakuti chikaonda manyazi ndi ake. Anansi nawo saulula kumene munthu waikiza chuma chake. Makolo athu anapulumutsa mbewu ya ziweto zambiri mwa njira imeneyi, ndipo palibe ankaiona ngati kuswa lamulo. Kunali kusamala, monga kuthawitsa mwana m'nyumba imene denga layamba kuthyoka.

Panapita masabata angapo. Utsi unkafukabe pakhola la anzanga madzulo aliwonse, masikito ali chitsekere. M'mawa wina mayi akunyumba anapita ndi chidebe chawo kukatola ndowe, ndipo anabwerako chidebecho chili chopanda kanthu.

"Bambo," anandiuza motsitsa mawu, "kuseri kwa khola kuja kuli ndowe zakale zokhazokha, zoti zamera bowa. Kavalo wamoyo sasunga m'mimba masiku onsewa."

Ndisanamalize kuvala nsapato, galimoto ya boma inali itaima pakhomo pa anzanga. Adokotala aja anatsika atanyamula kabokosi kozizira. Katemera anali atafika, ndipo atatha ku esiteti anabwera molunjika kwa kavalo yekhayo wa m'mudzi. Ndinadutsa m'nandolo mwachangu mmene mawondo anga akanalolera.

Anzangawo anawalandira mwaulemu wonse, nawayalira mkeka, nawafunsa za ulendo. Adokotala anakana kukhala, nati katemera sakonda kutentha, atsegule khola.

"Anafa, mwanangu," anatero anzangawo akuyang'ana pansi. "Ndinamukwirira."

"Pepani kwambiri, agogo. Munamukwirira pati? Ndiyenera kuona dzenjelo."

Anzangawo anayang'ana kumunda, nayang'ana kuchulu, ngati munthu amene akusankha malo oti anamizire. Anthu anali atasonkhana kale, ndipo aliyense anapeza chochita ndi maso ake, wina kuyang'ana nkhuku, wina mitambo. Ndinazindikira pomwepo kuti ambiri a iwo ankadziwa, ndipo ine ndi mkazi wanga anatibisira chifukwa ankationa ngati anthu a boma, poti ndinadyapo malipiro a uphunzitsi.

"Achimwene," ndinatero, "munakumba nokha dzenje la kavalo, inu amene mumapuma kawiri pokumba mbatata imodzi?"

Ena anaseka pang'ono. Iwo sanaseke.

Adokotala anatsegula kabokosi kaja n'kuwasonyeza kabotolo ndi jakisoni. "Agogo, taonani zimene ndabweretsa. Mfuti ndilibe. Kavalo wanu akanakhala m'khola ili, lero akanabayidwa, ndipo ine ndikanapita. Ndiuzeni kumene ali."

Anzangawo anayang'ana kabotoloko. Kenako anati, "Ali kwa achemwali anga. Ndinamuikiza."

"Kuti?"

"Kutali, kumene nthenda yanuyi sinafike. Ku Chiuta, m'mphepete mwa nyanja."

Nkhope ya adokotala inasintha. Anatseka kabokosiko pang'onopang'ono.

"M'mphepete mwa nyanja," anabwereza. "Agogo, m'dera lonse lino, malo amene tizilombo tija tili tochuluka kuposa ena onse ndi amenewo. Ndipo abulu a kumeneko amawoloka malire tsiku ndi tsiku, palibe amene anawayezapo."

Zinadziwika kuti mdzukulu wa achemwali a anzangawo amayendetsa lole yonyamula nsomba zouma kuchokera ku Chiuta kupita kumisika ya kuno. Tsiku lotsatira kulira kwa mfuti kuja, loleyo ikubwerera yopanda katundu, anakweza kavaloyo pakati pa madengu opanda kanthu n'kufunditsa lona pamwamba. Utsi wa madzulo aliwonse uja ankafukizira khola lopanda kanthu.

Tinakwera galimoto ya boma tonse atatu ndi woyendetsa. Tinawoloka Shire pa Liwonde, tinadutsa Nselema msika uli pakati, kenako tinasiya tala n'kulowa msewu wamatope umene galimoto inkayenda cham'mbali ngati nkhanu. Anzangawo anayankhula ulendo wonse, zimene sizinali khalidwe lawo. Ankati achemwali awo ndi munthu wosamala, amene sanatayepo ngakhale mwanapiye wa munthu wina. Ankati kavaloyo ndi wolimba, anapirirapo ululu wa njoka. Ankati mphepo ya kunyanja imathamangitsa tizilombo. Adokotala sanawatsutse. Anangofunsa kamodzi kuti papita nthawi yaitali bwanji chimuchotsereni, ndipo atamva yankho anayang'ana pazenera.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Mudziwo uli pakamtunda, kumunsi kwake kuli dambo lalikulu lobiriwira lotsetserekera kumabango, ndipo fungo la nsomba zoyanikidwa pamathandala limakulandira usanatsike. Achemwali a anzangawo, mayi wamkulu thupi wovala mpango woyera, anatuluka akusekerera, nalonjerana ndi mlongo wawo m'Chiyao, kenako natembenukira kwa ife m'Chichewa.

"Mwabwera kudzamuona mlendo wanga? Mukamupeza wanenepa. Sindinamuike m'khola la abulu iyayi, mumdima muja, monunkha. Chinthu cha achimwene chigone ndi abulu? Tinamumangira chisakasa chake kumunsi, kopita mphepo, pafupi ndi msipu. Bambo akunyumba amamutulutsa mbandakucha kuti adye udzu wa mame, madzulonso dzuwa likazizira amakamumanga m'mphepete mwa madzi, pamene pali nsenjere zanthete. Abulu athu akudya zouma, iye akudya zabwino zokhazokha."

Ankanena zimenezi monyadira, ndipo anali ndi chifukwa chonyadira, pakuti anachita zonse zimene mwambo umafuna kwa munthu woikizidwa chinthu. Mawu awo aliwonse anali kutsutsana ndi lamulo limodzi la adokotala. Mlongo wawo sanawauze za nthendayo. Anangowauza kuti kwathu aboma akuwombera akavalo, amusunge bwino.

"Lero wadya?" anafunsa adokotala.

"Dzulo ndi lero wachita ulesi pang'ono. Ndi kukhuta."

Tinatsetsereka kupita kudamboko. Anzangawo anali patsogolo, ndipo patali pang'ono anaimba kaluzu kamene kavaloyo ankakadziwa chibadwire. Kunyumba akamva kaluzuko ankalira ndi kukanda pansi. Tsiku limenelo anangogwedeza khutu limodzi. Anali chiimire pansi pa chisakasa, mutu uli pafupi ndi nthaka, ndipo ngakhale ine amene sindidziwa za akavalo ndinaona pamwamba pa maso ake. Timaenje tija tinali titadzaza.

Anzangawo anafika n'kuika chala pamalo otupawo, mofatsa, ngati akuyesa papaya. Anayendetsa dzanja kutsika m'khosi, limene linali litatupanso, naika khutu panthiti. Anakhala choncho nthawi yaitali. Ataweramuka sanayang'ane aliyense.

"Mubayeni, mwanangu," anatero. "Mwabwera nayo jakisoni. Mubayeni."

"Katemera amatchinga pakhomo, agogo. Mbala ikalowa kale sathandiza."

"Ndiye anachoka nayo kwathu nthendayi. Anali nayo kale."

Ndinaona kuti adokotala akanatha kuvomera, ndipo mwina munthu wina akanavomera pofuna kuwapepuza mtima. Iwo anapukusa mutu. "Akanachoka nayo kwanu akanagwa masiku oyambirira omwewo. Papita nthawi yaitali. Waitenga konkuno."

Achemwali aja anali atafika kumbuyo kwathu, ndipo anamva. Anafunsa mlongo wawo m'Chiyao kuti nthenda yanji, iwo anangopitiriza kusisita khosi la kavaloyo. Anafunsa ine. Ndinawafotokozera mwachidule za tizilombo ta m'dambo, za m'mawa ndi madzulo, za khola lotseka. Ndinaona mayiyo akuyang'ana chisakasa chimene anamanga, nayang'ana msipu, nayang'ana madzi, kenako anakhala pansi m'matope momwemo ndi chitenje chawo choyera.

"Achimwene, bwanji simunanene? Ndikanamutsekera m'nyumba mwanga, ine n'kugona panja."

Adokotala anachita zimene akanatha. Anamubaya mankhwala ochepetsa ululu, natiuza kuti tisamuyendetse ngakhale phazi limodzi, pakuti ena amene atupa chotere amapulumuka akapuma. Tinakhala pamenepo tikuyembekeza, asodzi akubwera mmodzimmodzi kudzaima patali. Kwa kanthawi zinaoneka ngati kupuma kwake kwadekha, ndipo anzangawo anayamba kumuyankhula motsitsa, m'Chiyao, mawu amene sindinawamve. Dzuwa litayamba kupendeka, kavaloyo anatangadza miyendo natambasula khosi. Ndinadziwa chimene chikubwera chifukwa ndinali nditachiona kale, koma kuchidziwa sikunandithandize. Thukuta linayamba. Nthiti zinayamba kukoka. Anatsokomola, ndipo pamphuno panaoneka thovu loyamba.

Anzangawo anapukuta thovulo ndi mkono wa mkanjo wawo. Linabweranso. Anapukutanso. Kavaloyo anawayang'ana ndi diso lofiira, lotuluka, akufunafuna mpweya umene unali ponseponse koma wosalowa.

Pamenepo anzangawo anatembenukira kwa adokotala.

"Mfuti ija ili kuti?"

"Ndinakuuzani, agogo. Sindinabwere nayo."

"M'galimoto mulibe?"

"Mulibe."

Anayang'ana asodzi aja mmodzimmodzi. "Palibe ali ndi mfuti pamudzi pano? Ngakhale ya gogodela?" Asodzi ali ndi maukonde ndi nkhafi, mfuti alibe. Wina anatchula mlenje wa mudzi wina kutsidya kwa dambo, koma aliyense anadziwa kuti pofika kumeneko ndi kubwerako zonse zikhala zitatha. Munthu amene anathawitsa kavalo wake mtunda wonsewo poopa mfuti anaima m'dambo akupempha mfuti kwa anthu osawadziwa, ndipo panalibe wowapatsa.

Zinatenga nthawi yaitali kuposa za ku esiteti zija. Sindidzafotokoza zonse. Anzangawo anagwada, nanyamula mutu wa kavaloyo pamiyendo pawo atagwa, thovu likuwanyowetsa mpaka m'mawondo, ndipo sanausiye kufikira miyendo italeka kupalasa. Kenako ananena mawu aja Asilamu amanena imfa ikafika, akuti tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Asodzi ena anawayankha, ngakhale ndinaona akuyang'anizana, posadziwa ngati mawuwo amanenedwa pa nyama.

Dzenje silinatheke kukumbidwa pomwepo. Khasu likangolowa, madzi ankadzaza. Anabwereka ng'ombe ziwiri zapagoli n'kukoka mtembowo kukwera nawo kumtunda, kuseri kwa mudzi, kumene amuna onse anasinthana makasu. Pamene iwo ankakumba, adokotala sanakhale. Anaitanitsa abulu onse a pamudzipo, nawatenga magazi, nawabaya katemera yemwe anatsala, kuyambira ndi abulu a achemwali aja, ndipo analamula kuti ngolo zonse ziime. Chiletsocho chinakhala miyezi, pa nyengo imene nsomba zimafuna ngolo kuti zifike kumsewu, ndipo anthu a kumeneko anasenza madengu pamutu. Magazi aja anasonyeza kuti abulu ena anali nako kachilomboko osadwala. Aboma anazungulira midzi ya m'mphepete mwa nyanja ndi ya kwathu kubaya ndi kutchinga makola, ndipo kuzizira kwa mwezi wa Juni kutapha tizilombo touluka tija, nthendayo inazilala. Chaka chotsatira anabayanso mvula isanayambe, ndipo sinabwerenso. Ku esiteti kunatsala akavalo ochepa, aja amene anali m'makola otchingidwa katemera atafika.

Koma tsiku lija, dzenje litatha, amuna atakonzeka kugubuduziramo mtembowo, achemwali aja anatulukira atagwira mpeni wakukhitchini. Anali atasintha chitenje, nkhope atasamba. Anapita kumbuyo kwa kavaloyo n'kugwira mchira.

"Mayi, mukutani?" anafunsa adokotala.

"Ndikudula mchira. Chiweto choikizidwa chikafera m'manja mwako, umapereka chikopa kapena mchira kwa mwini wake, kuti asadzanene kuti unagulitsa kapena unadya. Ndi mmene timachitira."

"Palibe chochoka pa nyama iyi. Chonse chilowe m'dzenje."

"Ndiye ine ndidzayera bwanji? Ana awo akadzabwera ku Joni adzati azakhali anadya kavalo wa bambo athu."

Mayiyo sanasiye mchirawo, ndipo adokotala sanasunthe. Amuna anaima ndi makasu m'manja, onse akuyang'ana mwini kavalo. Anzangawo anayandikira, natenga mpeniwo m'dzanja la mlongo wawo mofatsa, naupereka kwa ine kuti ndiugwire.

"Achemwali, mchira amapatsa munthu amene kunalibe. Ine ndinalipo." Anaima kaye, akupukuta manja pamkanjo umene unali utauma gwa ndi thovu. "Munamusunga bwino, monga ndinakupemphani. Anawo ndikawauza ndekha amene anamubweretsa kuno."

Kenako anawerama, nagwira mwendo wakutsogolo pamodzi ndi asodzi, ndipo anathandiza kukankha.